Makina a zipolopolo atachira

Ku Ireland ndinapita ngati wolera ana. Mwana wa amalume anga anapeza mwayi wa maphunziro apamwamba ku Dublin, ndiye iye ndi mkazi wake anafuna wachibale woti aziwaonera ana awo awiri ku Ongar. Ine ndinali mayi wamasiye, sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndipo mwana wanga Tadala anali ndi zaka seveni. Ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga ku Balaka, n'kumuuza kuti ndibwera mango akapsa. Mango anapsa kasanu ndi kamodzi ine ndisanaoneke.

Banja lija sindilidandaula, Mulungu alidalitse, linandisunga bwino. Koma atamaliza maphunziro anabwerera kumudzi, ine ndinatsala, poti ndinalibe choti ndikaonetse kwathu. Anandithandiza kupeza pepala la sukulu ya Chingerezi, lija limalola munthu kukhala m'dzikomo ndi kugwira ntchito maola ochepa, bola uzilipira fizi chaka ndi chaka ndi kumaonekera m'kalasi. Ndiye nthawi yomweyo dziko lija linagwa. Eni ake ankati risesheni. Ine mawuwo sindinkawamvetsa, koma ndinaona ndi maso nyumba zosamaliza kumanga zili yasa zopanda mawindo, udzu ukumera pamilu ya njerwa. Amayi achizungu omwe ndinkawakolopera m'nyumba anayamba kundiuzira pakhomo, mwamanyazi, kuti tsopano azikolopa okha.

Amake Daliso ndinakumana nawo kutchalitchi ku Blanchardstown. Anandimva ndikuyankha mapemphero m'Chichewa chapansipansi, ndipo Misa itatha anandigwira mkono n'kundifunsa kwathu. Iwo anali a ku Chipata, ku Zambia, aakulu kwa ine ndi zaka khumi, nawonso a pepala la sukulu ngati langa. Mwana wawo Daliso anali ku koleji ku Lusaka, ankaphunzira zachipatala, ndipo chithunzi chake chinkakhala m'buku lawo la nyimbo. Tsiku lomwelo, atamva kuti ndikugona pa sofa ya anthu amene ayamba kale kundiyang'ana ndi diso lotopa, ananditengera kuchipinda chawo ku Mulhuddart. Munali bedi limodzi ndi matiresi apansi. Sabata yoyamba anandikakamiza kugona pabedi. Ankanditchula mng'ono wanga, ine n'kumati akulu anga, ndipo anthu ambiri kutchalitchi ankaganiza kuti tinayamwa bere limodzi.

Ndi iwowa amene anandipezera ntchito. Ankagwira m'mashedi aakulu kuseri kwa Mulhuddart, komwe zitseko zambiri zinali zotseka, zili ndi zikwangwani zofuna wochita lendi. Mwini wa shedi yomwe ankagwiramo anali a Fergal, bambo wamtali wa imvi, amene kale ankapanga zitsulo za omanga nyumba. Zomanga zitaima anachotsa antchito onse, n'kuyamba kupanga kachipangizo kogulitsa kunja, makamaka ku America, komwe anthu amadzipangira okha zipolopolo m'magalaja mwawo. Dzina loti bwana ankalikana, ankati ndiziwatchula dzina lawo lenileni ngati mnzanga wosewera naye. Lilime linandikanika, ndiye tinakumana pakati, ndinkati a Fergal.

Ndifotokoze pang'ono za ntchitoyo, poti nanenso tsiku loyamba ndinangoti kakasi. Chipolopolo chili ndi chigoba chamkuwa, ndiye pamwamba pake pamakhala mutu, umene umauluka mfuti ikalira. Pali makina omangirira patebulo, amati puresi, okhala ndi mkono wautali. Ukakoka mkonowo kamodzi, zigoba zisanu zimasuntha mozungulira, chilichonse n'kuchitidwa chake. China chikuwongoledwa, china chikulandira onga, china chikuvekedwa mutu, chomaliza chikugwera m'beseni chitatha. Kale mutuwo munthu ankaika ndi zala, umodziumodzi, ndipo ambiri ankaphwanyika zikhadabo. Chomwe a Fergal ankapanga ndi fida. Ndi mbale yapulasitiki yokhala pamwamba pa puresi mopendekeka, m'kati mwake muli chimbale cha mano chozungulira ndi magetsi. Umathiramo mitu, manowo n'kumatola umodziumodzi, kuutembenuza kuti matako aloze pansi, n'kuutsitsa m'kapaipi koonekera m'kati mpaka ukakhale pachigoba. Munthu iwe ntchito yako kukoka basi.

Onga m'shedi mwathu munalibe, a Fergal ankati lamulo la dzikolo silimawalola. Zigoba zinkangodutsa zopanda kanthu. Ife ntchito yathu inali yoyesa fida iliyonse isanalowe m'bokosi. Komabe mtima unandivuta poyamba, mayi wa Chikatolika kumadya za zipolopolo. A Fergal anandiuza kuti ogula ake ndi anthu owombera mapepala pamasewera. Ndinawakhulupirira theka, theka linalo ndinalipereka kwa Mulungu. Bokosi lililonse ndikamamata, ndinkaikapo dzanja n'kupempha kuti chotuluka m'menemo chisakakhudze mwana wa munthu.

Koma fida ya a Fergal inali ndi nthenda. Mitu ikatsika ingapo bwinobwino, umodzi unkabwera chadodolido, mphuno pansi. Ukakokera pomwepo chigoba chinkaphwanyika, makina n'kuima. Amake Daliso anagwira okha chaka chathunthu, kukoka ndi dzanja uku maso ali kukapaipi, mpaka phewa lakumanja linawathera. Ndi pamene anauza a Fergal kuti ntchitoyi ndi ya anthu awiri, wina wokoka, wina woyang'ana. Ine ndinalowa ngati wokoka. Iwo ankaima pakabokosi kathabwa, maso pakapaipi, ndipo akaona mutu wachadodolido ankandigunda paphewa, n'kuuchotsa, n'kuuponya m'kapu. Kapu ikadzaza, fidayo inkabwerera patebulo la a Fergal kuti akaipale ndi kuimanganso. Ndiye muone, malo a Amake Daliso ankasungidwa ndi nthenda ya makinayo. Fizi ya pepala lawo ndi koleji ya Daliso, zonse zinkachokera m'kapu ija.

Masiku amenewo, ngakhale kunali kuzizira kolowa m'mafupa, ndimawakumbuka ndi chimwemwe. Tinali ndi hita imodzi yomwe tinkaikankhirana ndi phazi. Manja ankanunkha mkuwa ngakhale usambe kangati. Tinkapemphera kolona motsatira makina, ine ndikukoka, iwo akuyankha. Ankandinyoza kuti Amalawi timakoka ngati tili pamjigo wa anthu ambiri, kuopa kuti wina atilanda malo. Ine ndinkawabwezera kuti a ku Zambia ntchito yawo ndi maso okha ngati oyang'anira mayeso. A Fergal akatimva tikuseka ankafunsa ngati tikuwanena iwo, ndipo Amake Daliso ankawayankha kuti inde, koma zabwino zokhazokha.

Ine ndinakula ndi lichero. Amene anapetapo mpunga kapena nandolo akudziwa kuti cholemera chimabwera kwa iwe, chopepuka n'kuthawira kutsogolo, koma zimatengera mmene wapendekera ndiponso usadzaze kwambiri. Miyezi yonse ija ndikukoka, khutu langa linkamva mitu ikugubuduzika m'mbale, ndipo phokosolo linkandiuza kuti wopetayu sakupeta bwino. Tsiku lina masana, a Fergal atapita kukatumiza katundu, ndinang'amba kachidutswa ka katoni, kukapinda kanayi, n'kukalowetsa pansi pa khosi la mbale kuti iweramire kumbuyo pang'ono. Ndinatapamonso mitu ina kuti ichepe. Ndinkangosewera, kunena zoona. Ndinakoka, ndinakoka, mpaka thukuta ndi kuzizira konse kuja. M'kapu simunagwe kanthu. Tinayesa fida yachiwiri, yachitatu, chimodzimodzi.

Ndinayang'ana Amake Daliso ndikuseka, kudikira kuti andiyamikire. Iwo anatsika pakabokosi paja, anasolola katoni ija n'kuiika m'thumba la juzi yawo.

"Mng'ono wanga, izi simunazione," anatero. "Makina aya akachira, mmodzi wa ife adwala. Ndipo wodwalayo si inu."

Ndinawalonjeza kuti ndikhala chete, ndipo ndinakhaladi chete masabata ambiri. Koma mabokosi anayamba kubwerera kuchokera kunja, ogula akudandaula za nthenda yomwe ija. A Fergal ankawatsegula ataima, nkhope ili gwa. Anagulitsa galimoto yawo yabwino n'kutsala ndi yakale yolira ngati chigayo. Masana ankadya buledi wopanda chopaka. Ndipo bambo uyu, abale anga, sanali woipa kwa ife. Mvula ikagwa ankatikafikitsa pakhomo. Alamu anga atamwalira ku Balaka, anandipatsa foni ya mu ofesi kuti ndilire ndi achemwali anga mmene ndingafunire, iwo ataima panja, chipewa chili m'manja. Ndiye ine m'mawa uliwonse ndinkawapatsa moni ndikudziwa kuti mankhwala a chomwe chikuwadya ali m'thumba la juzi. Ndikamalandira Ukaristia ndinkamva ngati ndabisa chakudya m'nyumba ya njala.

Lachisanu lina a Fergal anatiitana tonse awiri n'kutiuza kuti katundu amene akupita mwezi umenewo akabwereranso, atseka shedi. Pobwerera kunyumba ndinawauza Amake Daliso kuti tsopano tikakhala chete titaya tonse, iwo, ine ndi a Fergal omwe. Tinayenda kamtunda. Kenako anati ndanena zoona, koma tichite mwanzeru. Anati tisanawaonetse kanthu, a Fergal ayambe alemba papepala n'kusaina kuti tonse awiri tikhalabe pantchito, ndipo tipite limodzi.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikufuna ndinene bwinobwino mmene ndinalakwira, chifukwa sindinachite ndi mtima woipa. Nkhani ya pepalayo inandichititsa manyazi. Kwathu, ukamapereka nkhuku kwa munthu wamkulu amene wakuchitira zabwino, sutchula chimene ukufuna. Umapereka ndi manja awiri, iye amadziwa yekha chochita, ndipo nthawi zambiri amabweza choposa chimene ukanapempha. Kuyamba ndi pepala kunali ngati kuwauza a Fergal kuti ndinu wakuba, tikukuopani. Ndinaganiza kuti akulu angawa akhalitsa kunja, mtima wauma. Ndinati ndipereke ngati mphatso, bamboyu akakondwa sangataye munthu amene ndimadya naye mbale imodzi.

Ndinadikira tsiku limene Amake Daliso anapita kuchipatala ndi phewa lawo. Ndinapinda katoni ina, ndinapita nayo patebulo la a Fergal nditaigwira ndi manja awiri, maondo atapindika pang'ono. Anadabwa, koma ananditsatira. Ndinaika katoni, ndinachepetsa mitu, n'kuyamba kukoka. Anaima pakabokosi ka Amake Daliso, maso pakapaipi, nthawi yaitali. Kenako anagwira mutu wawo, anatukwana mawu amene sindingalembe, anaseka, n'kundikumbatira mpaka juzi yanga inada ndi oilo. Anati ndapulumutsa kampani yawo. Mawu a pepala aja anafika pakhosi panga, ndinawamva ndithu, koma ndinawameza. Ndinangoti tithokoze Mulungu.

M'masiku atatu a Fergal anali atasula kachitsulo kogwira ntchito ya katoni ija, n'kukaika pa fida iliyonse. M'mbale analembamo mzere wosonyeza polekezera mitu. Ine anandipatsa maluwa ndi vocha yokagulira zinthu kumashopu aakulu a ku Blanchardstown.

Amake Daliso atabwerera kuntchito patapita masiku amenewo n'kuona kachitsuloko, sanandifunse kanthu. Anavula jekete, anakwera pakabokosi pawo, anatenga kapu yawo. Masabata atatu anaima pamenepo, m'mawa mpaka kuweruka, akuyang'ana kapaipi momwe simunkabweranso cholakwika chilichonse, kapu ili m'manja yopanda kanthu. Ine ndikukoka pansi pawo. Kolona tinkapempherabe, koma phewa langa silinagundidwenso. Ndagwirapo ntchito zowawa pamoyo wanga, koma palibe inandiwawa ngati kukoka mkono uja masabata amenewo.

Mabokosi anasiya kubwerera, maoda anachuluka. Lachisanu lachitatu a Fergal anaitanira Amake Daliso mu ofesi. Atatuluka anangotenga chikwama chawo. Ine ndinalowa osagogoda. Ndinawapempha a Fergal kuti achotse ine, poti ndine ndinabwera pambuyo. Anandiyankha mofatsa, maso ali ofiira, kuti sangalipire munthu woyang'anira chinthu chimene sichilakwanso, ndipo akachotsa ine, adzakoka ndani, poti phewa la mayi aja latha. Ndinawauza kuti nzeru ija ndinaipereka ndikuganiza kuti itisunga tonse awiri. Anandiyang'ana modabwa zenizeni.

"Bwanji simunanene?" anatero. "Mukananena poyamba, tikanakambirana."

Mawu amenewo ndimawamvabe. Bamboyu sanandinamize, sanaswe lonjezo lililonse, poti palibe chimene ndinamupempha. Kwa iye mphatso inali mphatso, inathera pamaluwa.

Ine ndi Amake Daliso tinakhalabe m'chipinda chimodzi miyezi inayi. Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo bola akanandikalipira. Ndikamaweruka ndinkapeza andiphikira. Anayenda Mulhuddart yense ndi Blanchardstown yense kufuna ntchito, koma komwe kunali malo kunali kosamalira okalamba, kofuna munthu wotha kunyamula mnzake. Ndinayesa kugawana nawo malipiro anga, koma maola ochepa a munthu mmodzi sangasunge mapepala awiri ndi ana awiri. Fizi ya sukulu yawo inalephereka, pepala linatha. Ananyamuka kubwerera ku Zambia tsiku la ntchito osandiuza. Ndinapeza bedi loyala bwino ndi makiyi patebulo.

Ine ndinatsala zaka zina ziwiri, ndikukoka ndekha. Pamabokosi atsopano panali chithunzi cha kachitsulo kaja, atakapatsa dzina la Chingerezi ndi nyenyezi yofiira pambali. Tsiku lina pa chikondwerero cha Amalawi ndinafotokozera nkhaniyi achimwene ena ophunzira kwambiri a ku yunivesite. Anaseka mpaka kutsamwa, anati mayi mwataya golide, zinthu zotere amalembetsa kuboma kuti ndi nzeru zako. Ndinaseka nawo, nanga ndikanatani. Za Amake Daliso sanafunse n'komwe. Pambuyo pake a Fergal anagula injini yokoka mkono uja yokha, ndipo anandiuza mofatsa momwe muja kuti nane ntchito yatha. Sindinawapemphe kanthu. Ndinawathokoza, poti zoona anandidyetsa zaka zonsezo.

Ndinabwerera ku Balaka. Mulungu ndi wabwino, sindingakane. Ndinamanga kanyumba ka malata, Tadala anapita ku sekondale, ngakhale miyezi yoyamba ndikamufunsa kanthu ankayamba wayang'ana achemwali anga asanandiyankhe. Abale ankandiona ngati munthu amene wapambana. Koma njerwa iliyonse ya nyumba ija ndinkadziwa kuti ili pamalo a munthu wina.

Chaka chachiwiri ndinakwera minibasi ya ku Mchinji, n'kuwoloka kupita ku Chipata, nditanyamula zitenje ziwiri ndi thumba la mpunga. Ndinafunsafunsa kutchalitchi mpaka anandilozera komboni yawo. Ndinawapeza pakhomo akugulitsa tomato ndi kapenta pakatebulo, dzanja lakumanja litawonda, akupimira makasitomala ndi lamanzere. Anandizindikira ndili patali. Anaimirira, anandilandira katundu, anandipatsa mpando pakhonde, madzi osamba m'manja, thobwa. Anafunsa za Tadala, za achemwali anga, za mvula ya kwathu, aliyense ndi dzina lake. Kwa anansi amene anabwera kudzaona, anati awa ndi alendo athu a ku Malawi, tinagwirako ntchito limodzi kunja. Mawu oti mng'ono wanga sanatuluke.

Ndinafunsa za Daliso. Anati koleji anasiyira panjira chaka chomwe iwo anabwerera, panopa ali ndi mkazi ndi mwana, amapalasa njinga yonyamula anthu pamsewu waukulu apo. Ananena ngati akunena za mtengo wa tomato.

Anansi atachoka ndinatsika pampando, ndinagwada pasimenti, n'kuwauza zonse, za manja awiri, za mawu amene ndinameza, za zimene a Fergal anandiyankha. Ndinapempha kuti andikhululukire. Anandisiya ndilire mpaka nditamaliza, kenako anandidzutsa ndi dzanja lawo lamanzere.

"Amake Tadala, ine ninakukhululukirani m'ndege, nisanafike kuno, chifukwa sininafune kutsika nazo," anatero. "Nidziwa simunafune kunipweteka. Munachita ulemu. Koma ulemu wanu munapatsa mzungu uja wonse, ine simunanisiyireko olo wonifunsa. Manje zinapita. Mpunga talandira, zikomo."

Dzuwa litapendeka ndinatsanzika. Kwathu ndi kwawo mwambo ndi umodzi, mlendo amene umamukonda umamuperekeza mpaka kumsewu, nkhani zikupitirira, mwina mpaka iye ayambe kukubweza. Amake Daliso anaimirira, anayenda nane mpaka pomwe simenti ya khonde inathera, anandifunira ulendo wabwino ndi madalitso a Mulungu, n'kubwerera kukatebulo kawo.

Ndinatsika ndekha mpaka kumsewu waukulu. Pamenepo panali abambo a njinga oposa khumi, ndipo atandiona ndi chikwama anayamba kundiitanira, aliyense akugunda mpando wa njinga yake, mayi bwerani, mayi kuno. Ndinayang'ana nkhope zawo imodziimodzi. Ine ndinkangodziwa Daliso wa pachithunzi, wa shati yoyera ndi tayi, ndiye sindinathe kudziwa kuti ndi uti. Kudepoti kunali kutali ndipo miyendo inali itatupa, koma ndinawathokoza onse, ndinasenza chikwama changa pamutu, n'kuyenda wapansi.